Chala cha Achimwene

Achimwene anga anali ndi mapazi aakulu. Ndayambira pamenepo chifukwa aliyense amene ankawadziwa, mukamufunsa za iwo, amayambira pomwepo. Amayi athu ankati tsiku limene anabadwa, azamba ataona mapaziwo anafunsa kuti, "Nanga mwanayo ali kuti?" Kusitolo kunalibe nsapato yowakwana. Mwina n'chifukwa chake anakhala wosoka nsapato, kaya. Koma iwo eni ake moyo wawo wonse anayenda ndi nkhwaira za tayala, zala zonse zili pamtetete.

Anatisiya nyengo yozizira yapitayi. Enafe tinalira, tinatopa, tinabwerera kuntchito zathu, ine kubwerera kochapira anthu zovala. Koma alamu anga, akazi awo, sanabwerere kulikonse. Anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Munthu amene ankasesa mpaka pakhomo pa eni ake, amene mawu ake unkawamva usanafike n'komwe kumpopi, anangokhala pampando wapakona, manja pamiyendo, kudya kwake kongolawa.

Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandiuza kuti, "Alamu, nkhope yawo yandithawa. Ndikatseka maso ndimangoona mapazi aja basi, ali zii."

Ndinadziwa mapazi amene ankanena. Kuchipatala kuja, alamu anatuluka pang'ono kukachapa malaya a achimwene kumpopi wakuseri kwa wodi. Pobwera anapeza awafunditsa nsalu kumutu komwe. Nsaluyo inali yaifupi, bedi lomwe linali lalifupi, ndiye mapazi anatsala kunja. Alamu anaima pamenepo malaya onyowa ali m'manja, kudikira kuti mwina agwedezeka. Kuyambira tsiku limenelo, zaka zonse zimene anakhala limodzi zinabisala kuseri kwa mapazi amenewo.

Tinayesa kuwaonetsa zithunzi. Zinalipo zochepa, ndipo monsemo achimwene aima gwaa ngati munthu amene wagwidwa ndi mbuzi yakuba. Alamu anangoziyang'ana n'kunena kuti, "Si iwo awa." Ine ndinaona kuti tikangokhala, tiika maliro ena m'nyumba yomweyo.

Koma ndiyambe ndakuuzani kuti munthuyo anali wotani.

Ankagwirira ntchito pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi. Anali ndi mpando wa galimoto yakale umene masipuling'i ake anatulukira, bokosi lamatabwa, chitini cha timisomali, mpukutu wa ulusi ndi kambulunga ka phula kopakira ulusiwo. Pamiyendo ankayala chiguduli. Timisomali ankatiika pakamwa, n'kumalankhula tili momwemo. Amayi anafa akuwakalipira kuti tsiku lina adzatimeza, koma sanameze ngakhale kamodzi.

Bambo athu atamwalira, ndi iwo amene anandilera. Nsapato zanga zoyamba anandisokera ndi zidutswa zotsala, ina yakuda, ina yofiirira, n'kuzipaka polishi wakuda zonse. Mvula itagwa chinsinsi chinaululika, anzanga n'kundiseka njira yonse. Nditafika ndikulira, iwo anazitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Ukulira chiyani, mlongo? Anzako ali ndi nsapato za mtundu umodzi, iwe uli ndi mitundu iwiri. Wolemera ndani pamenepa?"

Anali otero. Ankaseketsa anthu mpaka kugwira nthiti, koma iwo nkhope ili ndwii ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Ukawafunsa kuti, "Achimwene, nsapato yanga ija mwasoka?" ankayankha kuti, "Ndaipima, mlongo. Yatisiya. Ndasunga zingwe zokha kuti uzikumbukira." Ine, mlongo wawo wabere limodzi, sindikumbuka kuti ndinaonapo mano awo onse. Anthu ankati munthuyu sadziwa kuseka. Chimene ndinkaona n'chakuti akakhala pagulu ndi alamu, kaya ndi kumsonkhano wa makolo kusukulu, kaya pamzere wa kuchipatala, alamu ankakonda kuwaponda phazi. Ndinkangoti mapaziwo ndi aakulu, pena paliponse uponde upondapo.

Chaka china kunabwera anthu ojambula filimu. Anabwera ndi malole, mawaya, magetsi aatali ngati mitengo, n'kukamanga misasa kuseri kwa tauni, kumalo amene kale ankaphwanyako miyala. Mayi wina amene ankasamala zovala zawo anafika pakhonde paja ndi matumba odzaza jombo za asilikali, zong'ambika, zina zopanda zidendene. Achimwene anasoka jombo zimenezo mpaka zala kutupa. Akamaliza thumba, ankalisenza okha kukapereka.

Tsiku lina atafika kumeneko anapeza kwavuta. Tsikulo ankajambula asilikali akufa, ndiye anthu amene anawalemba kuti akhale mitembo ena anali atathawa dzuwa. Mitembo inaperewera. Bwana wa filimuyo ataona achimwene atasenza thumba anati, "Wamtaliyo, mumuveke." Anatenganso Alonda, bambo wina wonenepa wa mumsewu mwathu amene ankawalondera katundu.

Yunifolomu inalowa, ngakhale buluku linathera m'miyendo. Koma jombo! Jombo zonse zija anasoka okha, panalibe ngakhale imodzi yowakwana. Yakumanzere anaing'amba kumbuyo n'kuikakamiza. Yakumanja inakaniratu. Bwana uja anati zili bwino choncho, zioneka ngati jomboyo inavuka pothawa. Anawapaka mankhwala ofiira kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, n'kuwagoneka chagada pamiyala, phazi lopanda jombo litaloza kukamera. Alonda anawagoneka pambali pawo, mutu wawo pafupi ndi khutu la achimwene. Lamulo linali limodzi: osagwedezeka.

Cholakwa chimene anachita achimwene n'chakuti atamaliza sanasambe. Ankafuna tidzaone mmene anawakongoletsera. Anayenda choncho msewu wonse, dzuwa likuswa mtengo, magazi abodzawo ali psuu mpaka m'malaya awo enieni. Ine ndinali kwawoko tsiku limenelo, tikuyanika zovala ndi alamu. Alamu atatembenuka n'kuwaona pageti, beseni linagwa, iwonso anagwa. Kukuwa kumene anakuwa, anthu anatuluka m'nyumba zonse, wina atanyamula kale wilibala yoti awatengere kuchipatala.

Achimwene anangoima, nkhope ili ndwii, n'kunena kuti, "Mayi, musalire. Ndafa kale, ndauka."

Alamu atadziwa kuti ndi utoto, anadzuka, anatola beseni lija, n'kuwathira madzi onse a sopo kumutu. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wamoyo," anatero. "Zanu za mitembozo zithere pageti pomwepo. Filimu imeneyo sindidzaionera, ndipo m'nyumba mwanga isadzatchulidwe." Alamu akanena, anena. Sanaionere.

Anthu a filimu anapita, ife n'kuiwala. Patapita nthawi ndithu, a Mawaya anaipeza. A Mawaya anali mwini vidiyo sho ya kuseri kwa msika, dzinalo anawapatsa chifukwa m'matumba mwawo simunkasowa waya. Shoyo inali chipinda chimodzi cha mabenchi, zenera lotchinga ndi bulangete lakuda, TV ili m'khola lazitsulo kuopa akuba. Mukatentha munkanunkha thukuta ndi fumbi. Masana a tsiku limenelo munadzaza mpaka ena kukhala pamiyendo ya anzawo, aliyense akufuna kuona malo ophwanyira miyala athu aja ali pa TV. Ine ndinakhala kutsogolo, achimwene pambali panga, Alonda atavala jekete.

Filimuyo inali m'chizungu chothamanga, ambirife tinkangotola apa ndi apo. Koma nkhani yake tinaimva. Anyamata ophunzira usilikali anawatengera kumiyala kuti akayeserere nkhondo. Anawagawa magulu awiri, n'kuwapatsa zipolopolo zongolira, zosapha. Koma munthu wina anasakanizamo zenizeni. Anyamata akuwomberana akuseka, kuona mnzawo wagwa sakudzuka, wina wagwa sakudzuka. Ndiye kunabwera dokotala wachisilikali, wachikulire, woyenda ndi ndodo, kudzafufuza kuti anasintha zipolopolozo ndani. Akuluakulu ankafuna nkhaniyo ikwiriridwe, iye akukana.

Kenaka panafika pamene dokotalayo akuyenda pakati pa mitembo. Nyimbo yachisoni ikulira pansipansi. Kamera ikuyenda pang'onopang'ono, kudutsa uyu, kudutsa uyu. Tinaona mimba ya Alonda. Kenaka phazi. Phazi lodzaza TV yonse.

M'chipinda monse munali zii. Ndiye chala chachikulu chija chinapinda. Chinapinda, n'kuwongoka, n'kupindanso.

Mayi wina wogulitsa makala anakuwa kumbuyo kuti, "Sanafe uyo!"

Basi, chipinda chinaphulika. "Sanafe! Akunamizira!" "Ndi yemweyo anasintha zipolopolo!" "Adokotala, tembenukani, ali kumbuyo kwanuko!" A Mawaya anabweza, tinaonanso. Anabwezanso. Chala chikupinda ndithu. Kuyambira pamenepo palibe amene anatsatiranso zofufuza za dokotala uja. Tonse tinkangodikira nthawi imene mtembo wopanda jombo udzuke n'kugwidwa. Filimu inafika kumapeto, dokotala n'kugwira munthu wina, wosunga makiyi a nyumba ya mfuti. Anthu anakana.

"A Mawaya, mwaidula filimuyi!"

"Sindinadule kanthu ine, yathera pomwepa."

"Bodza! Wakupha uja amusiya bwanji? Ilipo yachiwiri, mwabisa."

Achimwene anakhala phee nthawi yonseyi, manja pamaondo. Atatuluka panja anthu anawazungulira. Kuchokera tsiku limenelo dzina lawo lenileni linatha ntchito. Ana, akuluakulu, makondakitala, onse ankangoti a Sanafe.

Ndipo musaganize kuti onse ankachita nthabwala. Agogo ena amene ankasoketsa kwa iwo kuyambira kale anabwera kudzatenga nsapato zawo zisanasokedwe. Anati, "Sindingapereke phazi langa kwa munthu amene anapha ana a eni ake n'kudzigoneka pakati pawo." Bambo wina amene anapuma usilikali ankabwera kudzakhala pabokosi paja, n'kumawafunsa motsitsa mawu kuti, "Tangondiuzani ine ndekha, anakutumani ndani?" Achimwene, timisomali tili pakamwa, ankayankha kuti, "Akulu, ndikakuuzani, mawa mupezeka mwavuka jombo inunso."

Koma funso limene aliyense ankafunsa linali lakuti chalacho chinapindiranji. Ndipo tsiku lililonse yankho linkasintha. Lero akuti anawagoneka pa linthumbu. Mawa akuti inali ntchentche. Tsiku lina akuti mwala unkawotcha. Kwa ana ankati chalacho chili ndi nzeru zakezake, sichimva za mwini wake. Ine nditawapanikiza anati, "Mlongo, akuluakulu anati ukayenda siya phazi. Ine ndinasiya phazi mufilimu, ukufunanso ndisiye mlomo?"

Amene anatuluka ndi ulemu anali Alonda. Iwo mufilimu monse sanagwedezeke ngakhale tsitsi. Ankati bwana wa filimu anawagwira chanza n'kuwauza kuti sanaonepo mtembo wabwino ngati iwo. Nkhani imeneyi ankainena paliponse, pometetsa, pamaliro, pokwera basi. Munthu wosauka, wopanda mwana, amene moyo wake wonse anthu ankangomudutsa pageti osamupatsa moni, apa anali ndi chake chonyadira. Ankabwera pakhonde paja n'kumawaphunzitsa achimwene. "Vuto lanu a Sanafe, simunaike mtima. Kufa kumafuna kudekha." Achimwene ankangogwedeza mutu. "Zoona akulu. Inu munafa bwino kwambiri."

Zaka zinapita choncho. Anthu anayamba kuonera mafilimu pafoni, sho ya a Mawaya inatsekedwa. Nsapato zapulasitiki zinachuluka, zosokedwa zinachepa. Achimwene tsitsi linayera, maso anayamba kuvuta, ulusi ankalowetsa mongopapasa. Koma pakhonde paja sanachokepo mpaka matenda a chifuwa anawagwetsa.

Ndiye tsiku limene alamu anandiuza za mapazi ali zii, ine popita kwathu ndinkangoganiza za chala chija. Padziko lonse lapansi, malo amodzi okha amene achimwene anatsala akugwedezeka ndi mufilimu imene akazi awo analumbira kuti sadzaionera. Ndipo mmenemo agona chagada, magazi ali kumaso.

Ndinakamuuza mwana wawo wamkazi, amene amagulitsa musitolo ya mankhwala. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Azakhali, mukufuna kuwamaliza amayi? Munthu akulephera kuiwala mtembo, inu mukamuonetse mtembo wina?"

"Uja si mtembo, mwana wanga. Uja anadzuka n'kubwera kunyumba."

"Nanga akakomoka? BP yawo mukuidziwa inu."

"Nanga tikawasiya pampando paja, ukuona ngati afika nyengo ya mvula?"

Anangopukuta maso n'kunena kuti, "Ine ndikhala pafupi ndi mankhwala awo. Koma zikavuta, azakhali, ndi inu."

A Mawaya masiku ano amakonza mafoni m'kakontena. Nditawafotokozera anasiya zonse, n'kuyamba kufukula makatoni akumbuyo. Anachipeza chimbale cha filimu ija chili m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi makina ake oonetsera, fumbi lili mbuu. Anachiyang'anitsa padzuwa n'kupukusa mutu.

"Chemwali, chimbalechi chakalamba. Ndipo pamene pali a Sanafe ndi pamene chinatha kwambiri, paja anthu ankangoti bweza, bweza. Chikhoza kuima panjira."

"Chikaima ndipange bwanji?"

"Mupukute ndi nsalu yofewa, muziyambira pakati kupita kunja. Mukatero mupemphere."

Ndinafika kwa alamu dzuwa litapendeka pang'ono. Sindinafune kuwanamiza. Ndinaika makinawo patebulo n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

"Alamu, ndabwera ndi chinthu chimene munachiletsa m'nyumba muno. Mukati ndibwerere nacho, ndibwerera nacho."

Anayang'ana makinawo nthawi yaitali. "Ndi ya mitembo ija?"

"Ndi yomweyo."

"Akuoneka nkhope?"

"Pang'ono. Kwambiri ndi phazi."

Mwana uja anaima pakhomo la kuchipinda, botolo la mankhwala lili m'manja, akundiyang'ana ndi diso loti ndinakuuzani. Kenaka alamu anati, "Amene ndinkamuletsa uja anapita. Ikani."

Sitinayambire koyambirira. Ndinathamangitsa mpaka pamene dokotala uja akutsika galimoto ndi ndodo yake. Nyimbo ija inayamba. Kamera ikuyenda, kudutsa uyu, kudutsa uyu. Mimba ya Alonda. Kenaka phazi.

Chimbale chinaima.

Chinaima pomwepo ndithu. Phazi la achimwene ladzaza TV, lili zii, kumbuyo kwake nkhope yamagazi ikuoneka mwachimbuuzi. Nyimbo inaduka. M'nyumba munangotsala kulira kwa makina, kiti kiti kiti. Chimene ndinabwera kudzachotsa m'maso mwa alamu, ndinachiika pa TV yawo yomwe.

Alamu anatulutsa mawu amene sindidzawaiwala, ang'onoang'ono, ngati kamwana ka galu kopondedwa. Mwana uja anathamanga. "Zimitsani! Azakhali, zimitsani!" Ine batani lozimitsira osalipeza. Ndinazula waya kukhoma.

Ine ndinkangoyang'ana pansi, mtima ukundiuza kuti wapha mlamu wako ndi manja ako. Ndinatulutsa chimbale chija kuti ndichibwezere m'pepala lake.

"Mukupita nacho kuti?" Anali alamu.

"Ndalakwa, alamu. Ndikhululukireni."

"Anthu onse aja ankati a Sanafe, a Sanafe, ankaona chimenechi?"

"Ayi. Chaima chisanafike."

"Ndiye bweretsani kuno."

Anachitenga, anachiuzira mpweya, n'kuchipukuta ndi nsonga ya mpango wawo, pang'onopang'ono, mmene ankapukutira magalasi a achimwene. Ine n'kuwauza kuti aziyambira pakati kupita kunja. Anandibwezera. "Ikaninso. Kuchipatala ndinadikira, sanagwedezeke. Apa ndidikiranso."

Dokotala anatsikanso galimoto. Uyu, uyu, mimba ya Alonda, phazi. Chithunzi chinanjenjemera, chinachita timabokosi. Kenaka chinadutsa.

Chala chinapinda. Chinawongoka. Chinapindanso.

Alamu anasendera kutsogolo kwa mpando. "Bwezani."

Ndinabweza.

"Bwezaninso."

Ulendo umenewu anadzuka n'kukaima pafupi ndi TV, nkhope yawo kutsala pang'ono kugunda galasi. Atatembenuka, misozi inali ikutsika, koma pakamwa panali pena pake pamene sindinapaone chimwalirire achimwene.

"Ankakuuzani kuti chinali chiyani?"

"Linthumbu," ndinatero. "Pena ntchentche. Pena mwala wotentha."

"Linthumbu lake liti! Akuseka awa."

"Akuseka?"

"Akufa nako kuseka! Inu alamu, munakula nawo nyumba imodzi osadziwa? Bambo ake a uyu sankaseka ndi pakamwa. Ankaseka ndi chala. Chikapinda kamodzi ndiye kuti zawasangalatsa. Chikapinda n'kupindanso chonchi, ndiye kuti m'mimba mukupweteka. Mumayesa ndinkawaponderanji pagulu? Tsiku lija aphunzitsi aakulu analankhula msonkhano wonse zipi ili yotsegula, ndikanapanda kuchiponda chala chimenechi, bwenzi mwanayu atachotsedwa sukulu."

Mwana uja anaseka akulira, botolo lija n'kuliika pansi. Zaka zonsezi ndinkati achimwene anga saseka, pamene ankaseka tsiku lililonse pamaso panga, ine n'kumayang'ana kolakwika.

Alamu sanakhalenso pansi. Anayamba kulankhula ngati mpopi wotseguka. Tsiku limene anakumana, akuti anapita kukasoketsa nsapato yoduka chidendene, achimwene n'kuwauza ndi nkhope ya maliro kuti nsapatoyo ikufunika igonekedwe m'chipatala, azibwera kudzaizonda tsiku lililonse. Alamu anakwiya, koma poyang'ana pansi anaona chala chikupinda mu nkhwaira. "Ndinadziwira pomwepo kuti munthuyu ndi wabodza, ndipo ndikwatiwa naye." Anakumbuka mmene ankatsokomolera akafuna kupempha tiyi wina, mmene ankapindira nsidze imodzi poloza ulusi pasingano. Nkhope ija inali ikubwera, ndinkaiona ikubwera m'maso mwawo.

Kenaka anaima n'kuyang'ananso TV. "Koma chinawaseketsa n'chiyani pamalo ngati amenewa? Tabwezani. Musayang'ane phazi, yang'anani kumbuyoko."

Tinayang'ana. Kumbuyo kwa phazi, pafupi ndi khutu la achimwene, panali mutu wa Alonda. Kukamwa kuli yasa. Mlomo wam'munsi ukunjenjemera pang'ono, kuleka, kunjenjemeranso.

"Ehe," anatero alamu. "Ndimadziwa ine. Munthu wagwira ntchito usiku wonse, mwamugoneka padzuwa, mwamuuza kuti atseke maso. Agona tulo awa! Akuliza mkonono m'khutu mwa amuna anga!"

Mwana uja anagwera pampando. Ine ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa, kenaka kusekako kunasanduka kulira. Chifukwa ndinakumbuka Alonda ali pakhonde paja akuwaphunzitsa kufa, achimwene akuvomera kuti zoona akulu, inu munafa bwino kwambiri. Analola kutchedwa wakupha, analola agogo aja awalande nsapato, analola tauni yonse iwaseke chala, koma sanamulande mkulu uja kanthu kamodzi kamene anali nako. Ndipo ndikhulupirira kuti nthawi zonse Alonda akamalankhula, pansi pa chiguduli paja chala chinali pantchito.

Nditapukuta maso ndinaona alamu akusuzumira kunsi kwa bedi. Anatulutsa nsapato zawo zakuda, zimene achimwene anazisoka kambirimbiri moti ulusi unachuluka kuposa chikopa. Anazipukuta, anavala, anamanga mpango bwinobwino.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kwa Alonda. Ndikawafunse."

"Alamu," ndinatero, "achimwene anasunga chinsinsi chimenechi mpaka kumanda."

"Ndani wanena kuti ndikaulula? Ndikufuna ndikangowamva akunena okha mmene anafera bwino. Inu munamva kambirimbiri, ine sindinamvepo."

Anatsegula chitseko. Dzuwa linawathobwa m'maso, anaima pang'ono atagwira felemu la chitseko, kenaka anatsika sitepe. Ife tinawatsatira m'mbuyo. Amayi a kumpopi atawaona anasiya zidebe zikusefukira.

Alonda tinawapeza pakhonde pawo, akalamba tsopano, mimba ija inatha, akuwothera dzuwa. Ataona alamu anavutika kudzuka, anavula chipewa.

"Mayi, mwatuluka? Tathokoza Mulungu."

"Ndatuluka, bambo. Ndaonera filimu yanu ija lero."

Nkhope ya Alonda inawala ngati mwana. "Mwaionera? Mwandiona ine? Ndiye khalani pansi, mayi, ndikuuzeni mmene zinayendera. Mukudziwa, kufa kumafuna kudekha. Malemu amuna anu anali munthu wabwino, koma pa nkhani imeneyi sanaike mtima."

Alamu anakhala pamkeka, anawongola miyendo, manja pamiyendo, nkhope ili ndwii ngati ali pamsonkhano.

"Zoona bambo," anatero. "Tafotokozani."

Ine sindinawayang'ane kumaso. Ndinayang'ana pansi, pa nsapato yakumanja ya alamu, pamene chikopa chinafewa chifukwa cha kusokedwasokedwa. Chinali chikutukuka pang'ono, kutsika, n'kutukukanso.